Kodi mwana wa ku Blantyre angadyere ntchito yopanga ma nanoparticle a MRI?

Funso: Ndili chaka chomaliza cha digiri ya sayansi pa yunivesite ina kuno ku Blantyre, ndimakhala ku Chilomoni. Phunziro limene ndimalikonda ndi chemistry. Ndinawerenga za ma nanoparticle amene amabayidwa m'thupi kuti matenda aoneke bwino pa makina a MRI, ndipo mtima wanga wakhazikika pomwepo, ndikufuna kudzakhala wofufuza wopanga tinthu timeneti. Koma amalume amene amandilipirira fizi akuti zimenezo n'za azungu, ndingopeza ntchito ya uphunzitsi kapena ya m'labu ya kampani. Kodi njira ilipo? Ndiyambire pati, nanga ndidzadya chiyani? Ndine mtsikana wa ku Chilomoni.

Yankho: Chemwali, njira ilipo, koma ndi yopapatiza, ndipo mbali ina imadutsa kunja kwa dziko lino. Pa nkhani ya ndalama amalume anu sakunama. Mukatsegula nyuzipepala lero simupezamo kampani ya ku Makata kapena ku Ginnery Corner yofuna munthu wopanga ma nanoparticle a MRI. Pamene aphonya ndi ponena kuti n'za azungu. Tsiku limene thupi lidzawatenthe n'kupita ku chipatala chaching'ono, akadzawabaya chala, adzayang'anitsitse mzere wofiira umene umatuluka pa kachipangizo koyezera malungo. Pa zipangizo zambiri zotere mzere umenewo ndi golide, timibulu tokula pafupifupi mananomita 40, tomatidwa ku ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha thupi, amene amagwira puloteni ya kachilombo ka malungo. Tinthu timene mukufuna kupangati tili kale m'manja mwa ma HSA dziko lonse lino, kungoti timachita kubwera m'makatoni kuchokera kunja.

Nanomita ndi mita imodzi yogawidwa ka 1,000,000,000. Tsitsi limodzi limanenepa pafupifupi mananomita 80,000, selo yofiira ya magazi pafupifupi 7,000 kapena 8,000. Ma nanoparticle amene tikukambawa ndi timibulu timene nthawi zambiri sitipitirira mananomita 100.

Ndinene mosapsatira mawu chimene ndikufuna mutole pa zonse zimene ndilembe pano. Achinyamata ambiri amalowa m'ntchitoyi poganiza kuti ndi yophika. Kuphikako ndi gawo laling'ono, ndipo mukhoza kuliphunzira sabata imodzi. Amene amapatsidwa malo a PhD, amene amadzalembedwa ntchito, ndi amene amatha kuyeza chimene waphika, kunena molondola kuti ndi chiyani, ndi kuchipanganso mawa chituluke chimodzimodzi. Muone chifukwa chake.

Aliyense amayambira pa golide. Michael Faraday anapanga madzi ofiira a golide ku London n'kufotokoza za iwo mu 1857, ndipo mabotolo ake ena akusungidwabe ku Royal Institution. Njira imene timatsata masiku ano ndi ya John Turkevich ndi anzake ya mu 1951, imene Frens anaikonzanso mu 1973. Mumatenga mchere wa golide wosungunuka m'madzi, wooneka wachikasu chosakhwima, n'kuuwiritsa uku kamaginito kakuvundula pansi pa botolo. Ukangowira mumathira sodium citrate yense nthawi imodzi. Chikasu chija chimazimirira, madzi amayera mbee ngati mulibe kanthu, kenako amada bii, ndipo pakatha mphindi zochepa amasanduka ofiira kwambiri. Citrate akachuluka timibulu timatuluka tating'ono, akachepa timakula. Mukaika madziwo m'makina a UV-Vis, amene amayeza kuwala kumene madziwo akumeza, mumaona nsonga ya girafu pa kuwala kwa mananomita pafupifupi 520. Ngati botolo linali ndi kalitsiro kotsalira, zonsezi zimasokonekera, n'chifukwa chake magalasi amayamba atsukidwa ndi aqua regia, wosakaniza magawo atatu a hydrochloric acid ndi gawo limodzi la nitric acid.

Munthu akaona kufiira kumeneku koyamba amasangalala, amajambula, amaika pa WhatsApp. Ndiye tengani madzi ofiirawo pang'ono muthiremo mchere wa kukhitchini wosungunula. Nthawi yomweyo amasanduka pepo, kenako buluu wotuwa, ndipo mukawasiya mumapeza zakuda zadikha pansi. Chachitika n'chakuti citrate ankapatsa kambulu kalikonse mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya kanzake, kotero tinkakankhana osagundana. Mchere waphimba mphamvu ija, timibulu taunjikana. Tsono kumbukirani kuti madzi a diripi amakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi pofuna kufanana ndi magazi. Ndiye kuti chinthu chokongola chimene munapanga chija sichingakhale ngakhale mphindi imodzi m'mtsempha wa munthu. Ndipo mchere ndi vuto loyamba chabe. M'magazi muli mapuloteni amene amathamangira kudzakuta kambuluko, chinthu chimene gulu la Kenneth Dawson ku Dublin linachitcha protein corona mu 2007. Kakakutidwa choncho, maselo olusa a m'chiwindi ndi m'kapamba amakaona ngati mlendo n'kukameza. Ntchito yeniyeni imayambira apa: kuveka timibuluti chovala cha mankhwala monga PEG, dextran kapena silica kuti tisaunjikane, tizungulire m'magazi nthawi yokwanira, tifike kumene tikufunika, kenako tituluke m'thupi.

Kutulukako kumadalira kukula. Kafukufuku wa mu 2007 wa ofufuza a ku Boston anasonyeza kuti timibulu tosapitirira mananomita pafupifupi 5.5 timasefedwa ndi impso n'kutuluka m'mkodzo, pamene tokulirapo timatsakamira m'chiwindi. Choncho kusiyana kwa mananomita atatu okha kukhoza kusintha chiwalo chimene mankhwala anu akathere. Munthu amene sangathe kuyeza kusiyana kotereku sakudziwa chimene wapanga.

Makina oyezera muyenera kuwadziwa ngati mmene mumadziwira njira ya kwanu. TEM, maikulosikopu ya ma electron, imakuonetsani mtima wa kambuluko ndi maonekedwe ake, koma kali kouma. DLS, imene imagwiritsa ntchito kuwala kumene timibulu timamwaza, imayeza kambuluko kali m'madzi, pamodzi ndi chovala chake ndi madzi amene kamayenda nawo, n'chifukwa chake nambala ya DLS imakhala yokulirapo kuposa ya TEM. DLS ili ndi msampha umene umakola ambiri. Kuwala kumene kambulu kamamwaza kumakwera mofulumira kwambiri ndi kukula kwake, moti kambulu kokula kakhumi kamamwaza kuwala kochuluka ka 1,000,000. Kafumbi kamodzi kogwera m'kachubu kakhoza kubisa timibulu tanu tonse, makina n'kukupatsani nambala yabodza imene inu mungailembe mosangalala. Zeta potential imakuuzani mphamvu ya kukankhana ija, ndipo mwachizolowezi timati ikapitirira mamilivoti 30, kaya mbali ya pulasi kapena ya mainasi, timibulu tikhazikika. XRD imanena mtundu wa kristalo, VSM imayeza umaginito, ICP imanena kuchuluka kwenikweni kwa chitsulo m'madzimo. Palinso kuyeza endotoxin, poizoni wochokera ku mabakiteriya, amene amalowa kudzera m'madzi kapena m'magalasi. Labu ya boma la America yoyeza ma nanoparticle a khansa, imene inakhazikitsidwa mu 2004 ku Frederick, Maryland, yakhala ikuchenjeza kuti kuipitsidwa ndi endotoxin ndi limodzi mwa mavuto amene amagwetsa zinthu zimene ofufuza amaitumizira. Maselo akafa m'mbale, munthu amathamangira kunena kuti ma nanoparticle ake amapha khansa, chonsecho wapha maselowo ndi uve.

Pano ndikuchenjezeni za msampha wina umene uli pafupi kwambiri ndi ife. M'mayunivesite ambiri a mu Africa ndi ku Asia mwadzaza mapepala a chimene amati green synthesis. Munthu amawiritsa masamba a chammwamba kapena a nimu, amathira madziwo mu silver nitrate, mtundu ukasintha amayeza UV-Vis kamodzi, amadontheza pa mbale ya mabakiteriya, basi pepala latuluka. Chaka chamawa mnzake amabwereza zomwezo ndi masamba a gwafa. Ndikumvetsa chifukwa chake, n'zotchipa ndipo digiri imatuluka. Ngati poyambira kuphunzira kugwira pipeti, palibe vuto. Koma ngati cholinga chanu ndi chinthu chodzabayidwa m'mtsempha, njira imeneyi siikufikitsani. M'madzi a masamba muli mankhwala mazanamazana amene amasintha malinga ndi nyengo, dothi ndi msinkhu wa mtengo. Tsamba la ku Chileka la mwezi wa October si lofanana ndi la ku Thyolo la nthawi ya dzinja. Simudziwa chimene chakuta timibulu tanu, ndipo palibe bungwe loona za mankhwala limene lingavomereze chinthu chimene mwini wake sangathe kuchitchula. Pulofesa wabwino akaona mapepala asanu otere pa CV yanu sachita nawo chidwi ngati mmene angachitire ndi lipoti limodzi losonyeza kuti munapanga chinthu chimodzi kasanu n'kuyerekeza zotsatira zake moona mtima.

Tibwere ku MRI imene mwafunsa. Makina amenewa amamvetsera ma proton a m'madzi a m'thupi. Mankhwala othandiza kuti chithunzi chioneke bwino saoneka iwo eni, amangosintha liwiro limene ma proton oyandikana nawo amabwerera m'malo atagwedezedwa. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi a gadolinium, amene amawalitsa malo amene afika. Mu 2006 madokotala anazindikira kuti gadolinium amakhudzana ndi matenda oopsa oumitsa khungu ndi ziwalo mwa anthu amene impso zawo zinafooka kwambiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amayang'anirabe ku iron oxide, popeza ayironi thupi limamudziwa kale, limatha kumuphwanya n'kumusunga kapena kupangira magazi.

Kupanga iron oxide n'kosavuta kuposa golide, ndipo n'kotchipa. Njira ya René Massart ya mu 1981 imafuna mchere wa ayironi wa mitundu iwiri, gawo limodzi la ferrous ndi magawo awiri a ferric, m'madzi amene mwachotsamo mpweya wa oxygen. Mukathira ammonia madzi amada nthawi yomweyo, ndipo mukaika maginito pansi pa botolo mumaona zakuda zonse zikutsetserekera pamenepo, pamwamba n'kutsala madzi oyera. Timibulu tikakhala tochepera mananomita pafupifupi 20 timakhala ndi khalidwe lodabwitsa: timakokedwa mwamphamvu maginito akakhala pafupi, koma mukawachotsa sitisunga umaginito, choncho sitimatirirana m'mtsempha. Vuto la njirayi ndi lakuti timibulu timatuluka tosiyanasiyana kukula. Zili ngati nsima: ufa ndi womwewo, madzi ndi omwewo, koma dzanja likachedwa kuvundula kapena ufa ukathiridwa moto usanakwane, mumadya ya mibulu. Liwiro lothirira ammonia, kutentha, pH ndi kavundulidwe zimasankha ngati mbewu zonse za kristalo zibadwe nthawi imodzi n'kukula mofanana, kapena zina zizibadwa zinzake zitakula kale. Gulu la Taeghwan Hyeon ku Seoul linasonyeza mu 2004 njira yotulutsa timibulu tofanana kwambiri potenthetsa iron oleate mpaka madigiri 320 m'mafuta apadera. Zotsatira zake n'zokongola, koma timibuluto timatuluka tokana madzi, ndiye pamafunika ntchito ina yotisinthira chovala. Komanso magetsi akathima muli pakati pa kutenthetsa, zonse zapita. Kwathu kuno yambani ndi ya Massart.

Mbiri ya malonda a mankhwalawa muyenera kuidziwa musanaikepo moyo wanu. Feridex anavomerezedwa ku America mu 1996 kuti azithandiza kuona zotupa za m'chiwindi, koma cha m'ma 2008 anasiya kupangidwa chifukwa sankagulidwa mokwanira. Resovist anavomerezedwa ku Ulaya mu 2001, nayenso anachotsedwa m'misika yambiri, anatsalira makamaka ku Japan. Amene anapulumuka ndi ferumoxytol, ndipo anapulumukira khomo lina: anavomerezedwa mu 2009 ngati mankhwala owonjezera magazi kwa odwala impso, kenako madokotala anayamba kumubwereka pojambula mitsempha pa MRI. Mu 2015 anamuikira chenjezo lamphamvu chifukwa anthu ena thupi lawo limamukana moopsa. Palinso Magtrace, wopangidwa ndi kampani ya ku Cambridge, amene anavomerezedwa ku America mu 2018 kuti azithandiza dokotala wa opaleshoni kupeza mwanabele woyamba kumene khansa ya m'mawere ingafalikire. Ma quantum dot, timakristalo ting'onoting'ono towala, amene anapezetsa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Aleksey Yekimov mphoto ya Nobel mu 2023, amawala mochititsa kaso m'labu ndi m'mawailesi akanema, koma ambiri oyambirira anali ndi cadmium, chitsulo cha poizoni, choncho m'thupi la munthu sanalowe kwenikweni.

Nambala ina imene muyenera kuisunga ndi 0.7. Kuyambira mu 1986, pamene Matsumura ndi Maeda ku Japan anafotokoza kuti mitsempha ya m'zotupa imadontha, anthu ankakhulupirira kuti ma nanoparticle amakadziunjika okha m'chotupa. Mu 2016 gulu la Warren Chan ku Toronto linasonkhanitsa zotsatira za zaka khumi za kafukufuku wa pa nyama, n'kupeza kuti pakatikati ndi 0.7 peresenti yokha ya zimene zabayidwa imene imafika m'chotupa. Ena anatsutsa kawerengedwe kake, mkangano unali waukulu, koma kuyambira pamenepo munthu sangangolemba kuti tinthu take timalunjika pa khansa popanda kuonetsa umboni. Mukadzakumana ndi mphunzitsi wolonjeza kuti PhD yanu idzachiza khansa, mudzamufunse za nambala imeneyi muone mmene adzayankhire.

Sindikunena izi kuti mugwe ulesi. Ndikufuna muone pamene pali mpata, chifukwa mpata wina uli pa chipatala cha Queens pompano, mtunda wa minibasi imodzi kapena ziwiri kuchokera kwanu. Mu 2008 pa chipatalachi panabwera makina a MRI a mphamvu ya matesla 0.35 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), kudzera mu ntchito ya Blantyre Malaria Project ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Makina amenewo ndi ofooka poyerekeza ndi a matesla 1.5 kapena 3 a m'zipatala za mayiko olemera, koma ndi amene anayankha funso limene linavuta madokotala zaka zambiri. Pepala la Karl Seydel ndi anzake la mu 2015 mu New England Journal of Medicine linaunika ana 168 odwala malungo a mu ubongo. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka ndi 27 peresenti yokha imene inali choncho. Dziko lonse linaphunzira zimenezi kuchokera ku Blantyre. Pambuyo pake pa Queens pomwepo panayesedwanso makina aang'ono oyenda pa mateyala a kampani ya Hyperfine, a matesla 0.064 okha, amene amangolumikizidwa ku soketi wamba.

Apa ndiye pali nkhani ya katswiri wa chemistry. Mphamvu ya mankhwala a MRI imasintha malinga ndi mphamvu ya maginito a makinawo. Mankhwala amene alipo anakonzedwa poganizira makina akuluakulu. Pa makina akuluwo iron oxide nthawi zambiri amadetsa chithunzi, chimene madokotala sachikonda chifukwa mdima ukhoza kusokonezedwa ndi magazi oundana kapena mpweya. Koma pa maginito ofooka iron oxide yemweyo amatha kuwalitsa, ndipo ofufuza a ku NIST ku America anasonyeza mu 2023 kuti pa matesla 0.064 amachita zimenezi mwamphamvu kuposa gadolinium. Kukula kuti, chovala chiti, ndi mulingo uti umene ungagwire bwino pa makina ofooka otere? Funso limeneli likadali lotseguka, ndipo amene likuwakhudza kwambiri ndi mayiko ngati lathu, kumene makina otchipa ndi amene angafike m'zipatala zambiri. Chosangalatsa n'chakuti gawo loyamba la kafukufukuyu silifuna wodwala kapena mbewa. Mumasungunula timibulu tanu m'machubu a agarose pa milingo yosiyanasiyana, mumawaika m'makina, mumayeza T1 ndi T2, nthawi zimene ma proton aja amatenga kuti abwerere m'malo, n'kujambula mzere umene kutsetsereka kwake kumakupatsani relaxivity, muyeso wa mphamvu ya mankhwala anu. Chofunika ndi chilolezo ndi ubale wabwino ndi a dipatimenti ya radiology, amene makina awo ali ndi mzere wa odwala ndipo sangakupatseni nthawi ngati simunabwere ndi ndondomeko yomveka.

Nkhani ina yapafupi ndi hemozoin. Kachilombo ka malungo kakamadya hemoglobin kamasandutsa zotsalira kukhala timakristalo ta ayironi timene timamva maginito. Ofufuza akhala akupanga zipangizo zozindikira malungo pogwiritsa ntchito maginito ndi kuwala pa timakristalo timeneti. Munthu wodziwa umaginito wa tinthu ting'onoting'ono ali ndi chonena pamenepa, ndipo magazi a malungo ndi akatswiri ake ali pa KUHeS ndi pa Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, osati ku Boston.

Nanga sukulu? Digiri yoyamba ya chemistry, physics, pharmacy kapena biomedical engineering, kaya ya ku MUBAS, KUHeS, MUST ku Thyolo kapena University of Malawi ku Zomba, ndi maziko okwanira. Limbikirani physical chemistry, inorganic, analytical ndi statistics, ndipo phunzirani Python kapena R, komanso pulogalamu yaulere ya ImageJ imene timayezera timibulu pa zithunzi za TEM. Za Masters ndi PhD, konzekerani kutuluka kapena kuchita mogawa, mbali kuno mbali kunja, chifukwa makina amene ndatchula aja ndi okwera mtengo kugula ndi kusamala. Khomo lapafupi ndi South Africa. Dzikolo linakhazikitsa ndondomeko ya nanotechnology mu 2005, ndipo mu 2007 linatsegula malo awiri a kafukufukuyu, ku CSIR ku Pretoria ndi ku Mintek ku Randburg, kumene amagwira kwambiri za golide ndi zipangizo zoyezera matenda. Kuli Masters ya nanoscience imene amayendetsa mogwirizana mayunivesite a Western Cape, Johannesburg, Free State ndi Nelson Mandela. Ku Nelson Mandela University kulinso malo a maikulosikopu amphamvu kwambiri. Ku Rhodes University kuli Pulofesa Tebello Nyokong, mayi wobadwira ku Lesotho amene anakula akuweta nkhosa, amene analandira mphoto ya L'Oréal-UNESCO mu 2009 chifukwa cha kafukufuku wa mankhwala a khansa ogwira ntchito ndi kuwala. Amalume akadzatinso n'za azungu, mudzawatchulire dzina limeneli.

Ndalama za sukulu zimachokera ku masikolashipu. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho mpikisano wake ndi wa anthu ochepa poyerekeza ndi ena. Palinso Commonwealth, DAAD ya ku Germany, Fulbright, Erasmus Mundus ndi TWAS. Inu monga mtsikana muli ndi makomo ena awiri: OWSD, imene imalipirira PhD ya amayi asayansi a m'mayiko osauka, ndi Marie Sklodowska-Curie Fellowship ya bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya la IAEA, imene inayamba mu 2020 ndipo imalipirira Masters ya amayi m'maphunziro okhudza nyukiliya, kuphatikizapo medical physics. Malamulo ndi masiku otsekera amasintha chaka ndi chaka, muziwerenga pa masamba awo enieni. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akupezereni sikolashipu ndi wakuba.

Posankha kopita, sankhani munthu osati dzina la yunivesite. Werengani mapepala atatu omaliza a mphunzitsiyo. Onani ngati ophunzira ake amakhala oyamba pa mndandanda wa olemba, ngati muli zithunzi za TEM zokhala ndi timibulu tambiri towerengedwa osati kamodzi kosankhidwa, ndiponso ngati amagwira ntchito ndi madokotala kapena akatswiri a MRI. Lemberani wophunzira wake wakale mumufunse kuti anamaliza pa zaka zingati ndipo ndalama ya pamwezi inkabwera pa nthawi yake kapena ayi. Labu imene ilibe mwayi wofika pa makina ojambulira idzakupangitsani kukhala wophika timibulu amene sanaonepo chithunzi chake.

Funso lanu lomaliza, loti mudzadya chiyani, ndi limene amalume akufuna kumva. Masters imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, PhD zitatu kapena zinayi, ndipo pambuyo pake ambiri amagwira ntchito za makontirakiti a chaka chimodzi mpaka zitatu asanapeze malo okhazikika. Pa zaka zonsezo mudzakhala ndi ndalama yodyera ndi yolipira nyumba, koma yomangira amalume nyumba ya malata siidzakhalapo msanga. Walira mvula walira matope. Amene amatsala akupanga mankhwala a MRI moyo wawo wonse ndi ochepa dziko lonse lapansi. Koma luso loyeza lija limagulika m'malo ambiri. Katemera wa Covid-19 wa Pfizer-BioNTech ndi wa Moderna amanyamulidwa ndi timibulu ta mafuta timene timayezedwa ndi DLS yomwe ija, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linasankha Cape Town, kumene kuli kampani ya Afrigen, kukhala malo ophunzitsira mayiko osauka kupanga katemera wa mtundu umenewu. Makampani opanga zipangizo zoyezera matenda amafuna anthu odziwa kumata ma antibody pa golide. Kuno kwathu kuli uphunzitsi wa ku yunivesite, kuli Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi Malawi Bureau of Standards, amene ntchito yawo ndi kutsimikiza kuti zimene zalembedwa pa botolo ndi zimene zilidi m'katimo, ndipo chithandizo cha khansa pamene chikukula chikufuna akatswiri a medical physics.

Ndiye musakangane nawo amalume. Ntchito ya m'labu ya kampani imene akunenayo ikapezeka, itengeni. Chaka chimodzi kapena ziwiri mu quality control zimaphunzitsa zimene digiri siiphunzitsa bwino: kutsata ndondomeko yolembedwa, kuyesa sikelo ndi pH mita musanazikhulupirire, kulemba m'buku la labu ndi cholembera chosafufutika, tsiku ndi nambala ya botolo lililonse. Masikolashipu ena amafunanso kuti munthu akhale atagwirapo ntchito. Muzifunsira malo a Masters muli pa malipiro.

Za chitetezo ndingodutsamo mwachangu, koma musazipeputse. Aqua regia amapangidwa mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa, yogwira ntchito, pang'ono pokha, ndipo satsekeredwa m'botolo chifukwa amatulutsa mpweya umene ungaliphulitse. Ufa wouma wa ma nanoparticle suyenera kupumidwa, asungeni m'madzi. Za cadmium zisiyeni mpaka mudzakhale m'labu yodziwa kutaya zinyalala zake. Ndipo chilichonse chokhudza magazi a munthu, ngakhale dontho lotsala ku labu, chimayamba chadutsa ku komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga COMREC kuno ku Blantyre.

Pa pulojekiti ya chaka chomalizachi, pemphani aphunzitsi anu kuti muchite ya iron oxide. Mchere wa ayironi ndi ammonia zimapezeka m'malabu ambiri ndipo sizidya ndalama zakunja ngati mchere wa golide, umene mungaudikire miyezi. Sankhani chinthu chimodzi chokha choti muzisintha, mwachitsanzo kuchuluka kwa citrate wokutira, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Mulingo uliwonse muupange katatu pa masiku osiyana. Kenako ikani timibulu tanu m'madzi oyera, m'madzi a diripi ndi m'madzi okhala ndi albumin, muziyeza ndi UV-Vis mmene tikudikhira pakatha ola limodzi, tsiku limodzi ndi sabata imodzi. Yezani ayironi weniweni amene ali m'chubu chilichonse ndi njira ya phenanthroline, imene imangofuna UV-Vis yomweyo. Zimene zakanika muzilembenso, pamodzi ndi tsiku limene magetsi anathima kavundulidwe kali pakati. Mapepala oti muwerenge mukhoza kuwapeza kudzera ku Research4Life, funsani ku laibulale ya sukulu yanu.

Mukamaliza, lemberani aphunzitsi awiri kapena atatu a ku South Africa kalata yaifupi ya pa imelo. Nenani pepala lawo limene mwawerenga ndi chimene mwatolamo, ikanimo girafu imodzi ya zotsatira zanu yoonetsa kusiyana kwa maulendo atatu aja, ndipo funsani ngati angalole kuti muwatumizire machubu awiri awaunike pa TEM ndi DLS. Ena sadzayankha, ndipo pakatha milungu iwiri mukhoza kuwakumbutsa kamodzi. Amene adzayankhe, mufunseni nthawi yomweyo mmene machubuwo ayenera kulongedzedwera ndi zikalata zimene kampani yonyamula katundu idzafune pa malire.